Kusankha dpi posikana zithunzi zikuluzikulu ndi filimu

Pulogalamu ya sikana ikafunsa dpi, dzanja limathamangira pa nambala yaikulu. Ambiri amaganiza kuti 4800 ndiye izula chilichonse chimene chili pachithunzipo, ndipo 300 ndi yongothamangitsira ntchito. Koma pa chithunzi chachikulu cha papepala, monga cha ukwati wa makolo chopachikidwa pabalaza, 4800 ingokudyerani tsiku n'kudzaza kompyuta popanda phindu lililonse. Pa negetivu zinthu zimatembenuka. Mukasikana filimu ya 35mm pa 300 mutuluka ndi kachithunzi ka mapikiselo (timadontho timene timapanga chithunzi pa kompyuta) 425 x 283, kosadzaza n'komwe foni. Chinthu chikakula dpi itsike, chikachepa dpi ikwere.

Dpi ndi chiwerengero cha mapikiselo amene sikana imatola pa inchi iliyonse ya chinthu chimene mwagoneka pagalasi. Inchi imodzi ndi masentimita 2.54. Mapulogalamu ena amalemba ppi pamalo pomwepo, ndipo posikana ndi nkhani imodzi.

Choyamba: chithunzicho chikupita kuti?

Musanayatse sikana, dziwani chimene mudzachite ndi chithunzicho. Ngati anthu adzachigwira m'manja n'kuchiyang'ana pafupi, monga pa pulogalamu ya ukwati kapena ya maliro, m'buku kapena pa kalendala, osindikiza amafuna mapikiselo pafupifupi 300 pa inchi iliyonse ya pepala. Chikakhala chopachika pakhoma, choti anthu aziona ataima chapatali, 150 mpaka 200 ikwana. Pa chinsalu chachikulu cha tsiku lovumbulutsa chiliza, 100 sichititsa manyazi, chifukwa palibe amene amaonerera chinsalu atagunditsa mphuno.

Masamu ake ndi awiri okha. Tengani mbali yaitali ya chimene mukufuna kusindikiza, m'mainchesi, muchulukitse ndi 300. Yankholo ndi mapikiselo amene mukufuna. Kenako gawani mapikiselowo ndi mbali yaitali ya chinthu chimene muli nacho m'manja, m'mainchesinso. Yankho limene mupeze ndilo dpi yanu.

Tinene kuti muli ndi chithunzi wamba cha masentimita 10 x 15, ndipo mukufuna chidzaze pepala la A4. Mbali yaitali ya A4 ndi mainchesi 11.7, ndiye pakufunika mapikiselo pafupifupi 3500. Chithunzi chanucho n'chotalika mainchesi 6. Gawani 3500 ndi 6, mupeza pafupifupi 583, choncho sankhani 600. Tsopano A4 yomweyo muitulutse pa negetivu ya 35mm, imene ndi mamilimita 24 x 36. Mbali yaitaliyo ndi mainchesi 1.42 basi, ndipo 3500 kugawa ndi 1.42 ikupatsani pafupifupi 2470. Pepala lake ndi lomwelo, koma dpi yakwera kanayi. Mukafuna A3 kuchokera pa negetivu yomweyo, mufunika cha m'ma 3500.

Ngati mukungofuna nkhope imodzi pagulu, tinene agogo ali pamzere wachitatu pa chithunzi cha amayi a Mvano, musayeze chithunzi chonse. Tengani rula muyeze kachigawo kamene mudzadule. Kakakhala kotalika masentimita 4, amene ndi mainchesi 1.6, ndipo mukufuna kafike masentimita 15, pakufunika mapikiselo pafupifupi 1800, ndiye dpi ndi 1125, choncho sankhani 1200. Sikanani kachigawo kokhako pa 1200, chithunzi chonsecho musikane padera pa dpi yotsika.

Chachiwiri: pepala lili ndi malire

Masamu aja amangokuuzani zimene mukufuna. Sanena ngati chithunzicho chili nazo zoti n'kukupatsani, ndipo apa ndi pamene anthu amatayira nthawi yambiri.

Chithunzi chachikulu cha papepala chinachokera pa negetivu yaing'ono imene wotsuka anaikulitsa. Taganizirani cha masentimita 40 x 50, pafupifupi mainchesi 16 x 20, chochokera pa filimu ya 35mm. Mbali yaifupi ya negetivuyo sikwana n'komwe inchi imodzi, ndiye kuti ifike mainchesi 16 anaikulitsa ka 17. Tiyerekeze kuti filimu inali yapamwamba, lenzi yabwino, dzanja la wojambula losanjenjemera, moti negetivuyo ili ndi zoti n'kutola mpaka pa 4000 dpi. Gawani 4000 ndi 17, mupeza pafupifupi 235. Ndiye kuti inchi iliyonse ya pepala lalikululo ilibe choposa 235, ndipo zithunzi zambiri za m'mabanja sizifika n'komwe pamenepo. Mukasikana pa 300 mwakolola zonse. Mukakwera mpaka 1200, chimene chikuwonjezeka ndi pepala lenilenilo: timing'alu, fumbi, zidindo za zala, ndi timadontho timene mphemvu zinasiya kuseri kwa felemu.

Choncho chithunzi cha masentimita 20 x 25 kupita m'mwamba chisikaneni pa 300, kapena 400 ngati mukufuna mpata wodzakonzera mong'ambika. Zing'onozing'ono za 10 x 15 ndi 13 x 18 zipatseni 600. Sikuti pepalalo lili ndi zambiri chotero ayi, koma kukulitsa kumene sikana yachita pagalasi kumatuluka bwino kuposa kodzakulitsa pa kompyuta pambuyo pake. Kachithunzi ka pasipoti, ka masentimita 3.5 x 4.5, kapatseni 1200. Katuluka ndi mapikiselo pafupifupi 1650 x 2130, oyandikira pepala la A5, ngakhale nkhopeyo idzaoneka mwachimbuuzi ndithu mukaiyandikira.

Zakale zakuda ndi zoyera za ku situdiyo n'zina. Zina mwa izo sanazikulitse n'komwe. Wojambula ankagoneka negetivu yaikulu pamwamba pa pepala n'kuwalitsa, chithunzi n'kutuluka chofanana kukula ndi negetivuyo. Zoterezi mumazidziwa mukaziyang'ana ndi galasi lokulitsira zinthu: mabatani a jekete, ulusi wa tayi, tsitsi lililonse la ndevu, zonse zili bwinobwino. Musaziumire, zipatseni 600 mpaka 1200. Ndipo ngakhale zili zakuda ndi zoyera, zisikaneni ngati zamitundu, chifukwa kufiirira kwa pepala ndi mbali ya chithunzicho, komanso madontho achikasu amachotseka mosavuta pa fayilo yamitundu.

Malangizo a FADGI, amene mabungwe a boma la America osunga zakale amatsatira, m'kope la 2016 anaika 400 ndi 600 pa milingo iwiri yapamwamba ya zithunzi za papepala, ndi 3000 ndi 4000 pa filimu ya 35mm. Amenewo ndi anthu amene amafuna kusunga ngakhale maonekedwe a pepala, ndipo malo osungira mafayilo si vuto kwa iwo. Komabe nawonso sanafike 1200 pa pepala.

Pali mapepala awiri amene dpi yambiri imawaipitsa. Loyamba ndi lokhakhala lija, la timadontho totukuka, limene masitudiyo ankakonda m'zaka za m'ma 1970. Nyali ya sikana imawala kuchokera mbali imodzi, ndiye kadontho kalikonse kamaponya kamthunzi, ndipo mukamakweza dpi timithunzito timanka tioneka. Sikanani pa 600, mutembenuze chithunzicho mutu uyang'ane pansi, musikanenso, kenako muphatikize mafayilo awiriwo wina pamwamba pa mnzake, wapamwambayo azioneka theka. Timithunzi tambiri timafafanizana. Lachiwiri ndi chithunzi chodula m'nyuzipepala kapena pa kalendala, chimene chinapangidwa ndi timadontho ta inki. Chimenechi chimatulutsa mizere yopingasana yosakhala bwino. Yatsani descreen, imene imafafaniza timadontho ta inkito, musikane pa 600, kenako muchichepetse.

Chachitatu: nambala ya pabokosi musaikhulupirire yonse

Sikana ili ndi nambala ziwiri. Ya optical ndi imene diso la makinawo limatoladi. Ya interpolated, monga 12800 kapena 19200, ndi kompyuta ikungopeka mapikiselo pakati pa enieniwo. Kuli ngati kuthira madzi mumphika alendo akachuluka: msuzi uchuluka, nyama ikhala yomweyo. Musaigwiritse ntchito. Bokosi likalemba nambala ziwiri, monga 6400 x 9600, yotsikayo ndiyo yowerengera.

Ngakhale ya optical imalonjeza zoposa zimene lenzi ingakwanitse. Epson Perfection V600 ndi V850 zonse zimalemba 6400. Anthu amene amayeza masikana ndi tchati cha timizere chotchedwa USAF 1951 amapeza kuti masikana agalasi a mtundu umenewu amaonadi zinthu pakati pa 1500 ndi 2500 dpi, V600 chakumunsi, V850 chakumtunda. Pa pepala zimenezi zilibe kanthu, poti 600 ili kutali ndi malirewo. Pa filimu ya 35mm ndi nkhani yaikulu. Masikana opangira filimu yokha amachita bwino: Nikon Super Coolscan 5000 ED, imene anasiya kupanga, inkasikana pa 4000 ndipo inkayandikiradi nambalayo. Plustek OpticFilm imalemba 7200, koma zoonadi zake ndi pafupifupi theka.

Masikana opyapyala, ndi aja okhala pamwamba pa pulinta ya mu ofesi, ambiri ali ndi diso la CIS. Limaona bwino chokhacho chimene chagona pagalasi penipeni. Chithunzi chikapindika pang'ono, pamene patukukapo pamatuluka chimbuuzi, kaya mwaika dpi yochuluka bwanji. Masikana a diso la CCD, okhuthala aja, amalekerera kutukuka pang'ono.

Malire a sikana yanu mutha kuwapeza nokha, ndipo ndi ntchito ya kamodzi. Sankhani negetivu yojambulidwa bwino, yokhala ndi tinthu ting'onoting'ono: nambala ya galimoto, zilembo za pachikwangwani cha golosale, maluwa a pachitenje. Zimitsani sharpening, imene imanola m'mphepete mwa zinthu pachithunzi. Sikanani kachigawo kamodzimodzi pa 1200, 2400, 3200 ndi 4800. Tsegulani mafayilo onse mu GIMP, pulogalamu yaulere yokonzera zithunzi, mukulitse atatu oyambawo afanane ndi womalizayo, muwaike moyandikana. Funso ndi limodzi: pali chilembo chimene ndikuwerenga apa chimene sichikuwerengeka apo? Pamene yankho layamba kukhala ayi, sikana yafika pomwe imathera. Gwiritsani ntchito nambala imeneyo kapena yotsatira yake, osapitirira.

Chachinayi: chithunzi chikaposa galasi

Galasi la masikana ambiri ndi la A4. Alipo a A3, monga Epson Expression 12000XL, koma mtengo wake si wogulira chithunzi chimodzi. Njira ndi ziwiri: kusikana m'zigawo, kapena kujambula ndi kamera.

Posikana m'zigawo, chotsani chivundikiro ngati chimachoka, muike mabuku m'mbali mwa sikana kuti mbali yolendewera ya chithunzi itsamirepo, isapindike. Chigawo chilichonse chilowe m'chinzake ndi gawo limodzi mwa magawo anayi kapena atatu. Cha masentimita 40 x 50 chimatha ndi zigawo 6 pa galasi la A4. Musachitembenuze pakati pa ntchito, muzingochikankha chikuyang'ana mbali yomweyo, chifukwa nyali ikaunika chigawo china kuchokera kumanzere, china kuchokera kumanja, msoko udzaoneka. Chofunika kwambiri, zimitsani zonse zimene pulogalamu imadzisankhira yokha pa kuwala ndi mitundu. Mukazisiya, chigawo cha diresi loyera la mkwatibwi chidzadetsedwa, cha suti yakuda chidzawalitsidwa, ndipo sizidzagwirizananso. Dpi ikhale imodzi pa zigawo zonse, 300 kapena 400. Polumikiza, Photomerge ya mu Photoshop kapena Hugin, imene ndi yaulere, zimagwira ntchitoyo.

Kamera nayo ili ndi dpi yake, imangofuna kuwerengera. Ya 24 megapixel imatulutsa mapikiselo 6000 x 4000. Chithunzi cha mainchesi 16 x 20 chikadzaza mbali yaifupi, ndiye 4000 kugawa ndi 16, imene ndi 250 dpi. Kumbukirani 235 ija: kamera yatola pafupifupi zonse ndi kujambula kumodzi. Foni ya 12 megapixel imapereka 4000 x 3000, ndiye pafupifupi 190 dpi. N'zokwana pa chopachika pakhoma, kungoti foni imakonda kusalaza nkhope, makwinya a agogo n'kusowa. Kamera iime pa tripod, iyang'anizane ndi pakati penipeni pa chithunzi, isapendekeke. Nyali ziwiri zofanana ziunike kuchokera m'mbali pa madigiri 45. Ngati mulibe nyali, pakhonde pamthunzi pamachita, bola dzuwa lisafike pachithunzi. Gwiritsani ntchito timer kuti chala chisagwedeze kamera.

Chithunzi chimene chakhala zaka mu felemu, chinyezi cha dzinja chikulowamo, nthawi zina chimamatirira kugalasi. Musachikoke. Nkhope idzatsalira pagalasi, inu n'kutsala ndi pepala loyera m'manja. Pukutani galasilo kunja kwake, muchijambule momwemo ndi kamera, mutabisala kuseri kwa nsalu yakuda yoboola pamene pali lenzi, kuti inu ndi chipinda musaonekere m'galasimo.

Chachisanu: filimu

Filimu imafuna sikana yokhala ndi nyali yachiwiri m'chivundikiro, yowalitsa kuchokera pamwamba. Ya 35mm, kaya negetivu kaya silaidi, pa 2400 imapereka mapikiselo pafupifupi 3400 x 2270, okwana A4. Pa 4000 imapereka 5670 x 3780, opitirira A3. Pa sikana yagalasi 2400 kapena 3200 ndiye polekezera. Pa sikana ya filimu yokha kwerani mpaka 4000. Filimu ya 120, imene masitudiyo ambiri ankagwiritsa ntchito, ndi yaikulupo: chithunzi cha 6 x 6 ndi mamilimita 56 mbali iliyonse, ndipo pa 2400 chimatulutsa mapikiselo pafupifupi 5300 mbali iliyonse. Apa sikana yagalasi imadzichotsa manyazi. Ya mainchesi 4 x 5 pa 1200 yokha imayandikira 4800 x 6000, ndipo 2400 ndi ya amene akufunadi chithunzi chodzaza khoma.

Pa dpi zoterezi, chimene chimawononga kawirikawiri ndi kagonedwe ka filimu. Ikapindika m'chogwirira chake, pakati pamaoneka bwino m'mbali chimbuuzi. Ikakhudza galasi, pamatuluka timizere tozungulira tamitundumitundu totchedwa Newton rings. Zogwirira za V850 zimakwezeka ndi kutsitsika, ndipo kupeza msinkhu woyenera kumasintha chithunzi kuposa kulumpha kuchoka pa 2400 kufika pa 4800. Filimu yopindika igonekeni mkati mwa envelopu yake pansi pa mabuku olemera masiku angapo.

Fumbi nalo limakula limodzi ndi dpi. Kaubweya kosaoneka ndi maso kamasanduka chingwe chodutsa pankhope ya munthu. Gwirani filimu m'mphepete, muipemerere ndi kampira kopopera mphepo, osati ndi pakamwa. Digital ICE, imene imapeza fumbi ndi kuwala kwa infrared, imathandiza kwambiri pa manegetivu amitundu. Pa filimu yakale yakuda ndi yoyera izimitseni, chifukwa siliva wa m'filimuyo imamuyesa fumbi n'kufafaniza chithunzi chenichenicho. Pa masilaidi a Kodachrome imavutanso. Sikanani filimu pa 48-bit (bit zikachuluka, fayilo imasunga mitundu yambiri) ngati ndi yamitundu, 16-bit ngati ndi yakuda ndi yoyera, popeza negetivu imafuna kukonza kwambiri mitundu, ndipo fayilo ya 24-bit imachita mizeremizere kumwamba ndi pakhungu mukaikoka kwambiri. Filimu imene ikununkha viniga yayamba kuwonongeka. Ipatuleni kwa zinzake, muyambe kusikana imeneyo.

Mukakhala ndi zonse ziwiri, negetivu ndi chithunzi chake, anthu amati sikanani negetivu. N'zoona ngati sikana ili yabwino. Koma werengani kaye. Sikana imene imaonadi 1600 dpi yokha ikupatsani zinthu zenizeni zokwana mapikiselo pafupifupi 2270 x 1510 kuchokera pa 35mm. Chithunzi chotsukidwa bwino cha mainchesi 8 x 10 pa 300 chikupatsani 3000 x 2400. Pamenepa pepala likhoza kupambana, bola mitundu yake ikhale kuti sinasuluke.

Chomaliza: mafayilo

Dpi ikawirikiza kawiri, fayilo imakula kanayi, chifukwa yakula m'litali ndi m'lifupi momwe. Pikiselo imodzi ya 24-bit imadya mabaiti 3. Chithunzi chija cha mainchesi 16 x 20 pa 300 ndi 86 MB. Pa 600 ndi 346 MB. Pa 1200 ndi pafupifupi 1.4 GB, ndipo pa 48-bit muwirikizenso kawiri. Laputopu wamba imayamba kukoka miyendo, ndipo magetsi akathima sikana ili pakati pa ulendo muyambiranso. Filimu imodzi ya zithunzi 36 pa 4000 dpi ndi 48-bit imadya pafupifupi 4.6 GB, pa 2400 imadya 1.7 GB. Chulukitsani ndi mafilimu amene ali m'katoni yanu musanayambe, muone ngati hard drive ikwana. Palibe choletsa kusikana zonse pa dpi yotsika kaye, n'kubwerera kwa zokhazo zimene zili zofunika.

Fayilo yoyamba isungeni ngati TIFF (mtundu wa fayilo umene sutaya kanthu pachithunzi), yosadula, yosakonza mitundu, yopanda sharpening, m'mphepete mwa chithunzi mukuoneka. Zokonza zonse muzichita pa kope lake, ndipo JPEG yogawira abale ichokere pa kopelo. Kuseri kwa chithunzi kukakhala chidindo cha situdiyo, tsiku kapena mayina olembedwa pamanja, sikananiko pa 300, mupatse fayiloyo dzina lofanana ndi la kumaso kwake. M'dzina la fayilo lembanimo chaka ndi dpi, kuti pakapita zaka mudziwe ngati pali chifukwa chosikanira kachiwiri. Sungani malo awiri osiyana, ena asakhale m'nyumba imodzi ndi kompyuta.

Potumiza kwa osindikiza pa WhatsApp, tumizani ngati document. Mukatumiza ngati chithunzi wamba, WhatsApp imachichepetsa n'kuchifinya, mapikiselo 4800 x 6000 aja n'kufika ataperewera. Auzeninso osindikizawo kukula kumene mukufuna m'masentimita, ndipo asanasindikize chachikulucho apempheni akutulutsireni kachigawo ka nkhope pa A4, pa kukula kwake kwenikweni, mukayang'ane mutaima pamene anthu adzaime.